Khola la nkhumba litalikirane ndi posewerera ana

Akonzi,

Tiloleni danga m'nyuzipepala yanu tikambe za kutsegula m'mimba kumene kumavuta ana ndiponso tiana ta nkhumba kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu, makamaka kuyambira Meyi mpaka cha mu Okutobala. Mwana akatsegula, agogo amati mano akumera. Tiana ta nkhumba tikatsegula, mlimi amati make wadya madeya ovunda. Koma chimodzi mwa zoyambitsa zikuluzikulu mbali zonse ziwirizi ndi kachilombo ka rotavirus, ndipo ka m'khola ndi ka m'nyumba n'tapachibale kuposa mmene ambiri amaganizira.

Kachilomboka adakazindikira mu 1973 ku Melbourne, m'dziko la Australia, pamene Ruth Bishop ndi anzake adakaona m'matumbo a ana odwala. Malangizo a chibadwa chake sali m'chingwe chimodzi ayi, ali m'zidutswa 11 zopatukana. Ziwiri mwa zidutswazo zimapanga mapuloteni a pachikopa chakunja, VP7 ndi VP4, omwe chitetezo cha m'thupi chimayamba kukumana nawo. Akatswiri amatchula mtundu wa kachilomboka potengera awiriwa: G kuimira VP7, P kuimira VP4. Mwa anthu mumapezeka kwambiri G1P[8], G2P[4], G3P[8], G9P[8] ndi G12. Mwa nkhumba mumachuluka G3, G4, G5, G9 ndi G11, pamodzi ndi P[6], P[7] kapena P[13]. Taonani kuti G3 ndi G9 zili uku ndi uku, ndipo P[6] imapezekanso kwambiri mwa ana a mu Africa muno.

Kusintha kwa kachilomboka kumabwera m'njira ziwiri. Kakamachulukana kamalakwitsa pang'ono pokopera malangizo ake, ndipo zolakwikazo zimaunjikana pakapita zaka. Njira yachiwiri ndi yamsanga, ndipo ndi imene yatilembetsa kalatayi. Mitundu iwiri ikalowa m'selo imodzi ya m'matumbo nthawi imodzi, zidutswa zake zimasakanikirana popanga tizilombo tatsopano. Zili ngati mmisiri wamasula njinga ziwiri pamphasa imodzi, ndiye pomanga watenga felemu ya iyi, foloko ya inayo. Kotulukako kangakhale ndi zidutswa 9 za kachilombo ka munthu ndi ziwiri za ka nkhumba: kamayenda bwinobwino pakati pa ana, koma kavala chikopa chimene matupi awo sadachionepo.

Izi si zongoganizira. Mu 2008 akatswiri a ku Leuven, m'dziko la Belgium, ndi anzawo adafanizitsa zidutswa zonse 11 za mitundu yambiri, napeza kuti banja lalikulu la rotavirus wa anthu, lotchedwa Wa, lili ndi kholo limodzi ndi rotavirus wa nkhumba, pamene banja lachiwiri, la DS-1, ndi lapachibale ndi wa ng'ombe. Ku Brazil mtundu wa G5, womwe kwawo ndi m'nkhumba, udadwalitsa ana ambiri m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Ku Kasama, kumpoto kwa Zambia, adapeza G5P[6] wofanana ndi wa nkhumba mwa mwana yemwe sadalandire katemera. Kwathu konkuno, chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chakhala chikulondoloza mitundu imeneyi kuyambira 1997, ndipo koyambirira komweko adadabwa kupeza G8 wochuluka mwa ana, mtundu wodziwika kuti ndi wa ng'ombe.

Tisaopsezane mopitirira. Ana ambiri amatenga rotavirus kwa ana anzawo, osati kukhola, ndipo kachilombo ka nkhumba kakalowa mwa munthu kali kokha, kawirikawiri sikapita patali. Nyama yankhumba yopsa bwino pachiwaya ilibe mlandu. Vuto lili pa ndowe, ndi pa mwana amene wameza mitundu iwiri sabata imodzi. Mpata woterowo ndi waukulu m'midzi ya ku Bembeke, Lobi, Mayani kapena Tsangano, kumene pokolola pakatha nkhumba zimatayiriridwa n'kumafukula pabwalo pomwe khanda likukwawa. Galamu imodzi ya chimbudzi cha wodwala imatha kukhala ndi tizilombo mabiliyoni 10, pamene tosakwana 100 n'tokwanira kudwalitsa. Pamalo ozizira ndi onyowa timakhala ndi moyo kwa masabata. Kuzizira kwa ku Dedza kukuthandiza tizilomboti, osati ife.

Kukhola zimayamba chonchi. Nkhumba yaikulu imatulutsa kachilomboka m'ndowe popanda kuoneka yodwala, makamaka ikayandikira kuswa. Tiana timakatola pansi ndi pamawere a make. Kamawononga tinthu tosongoka ta m'kati mwa matumbo tomwe timayamwa chakudya, ndiye mkaka umangodutsa osagayika, n'kukoka madzi. Ndowe zimakhala zamadzimadzi, zachikasu kapena zotuwa, kumbuyo kumanyowa, ubweya umaimirira, ndipo tiana timaunjikana pakona tikunjenjemera. Zimachitika kwambiri kuyambira sabata yoyamba mpaka yachisanu ndi chimodzi, komanso masiku oyamba titangoleka kuyamwa. Ana a nkhumba imene yaswa koyamba ndiwo amavutika koposa, chifukwa mkaka wake uli ndi chitetezo chochepa. Musasokoneze ndi chigodola: chigodola chimagwetsa zazikulu zomwe, makutu ndi mimba zitafiira, ndipo chiyenera kunenedwa kwa alangizi a ziweto tsiku lomwelo.

Kamwana kalikonse kayamwe mkaka woyamba m'maola 6 oyambirira, chifukwa pakatha tsiku limodzi matumbo amaleka kulowetsa chitetezocho m'magazi. Kofooka kagwireni nokha pabere. Pogona tiana pakhale pouma, pa udzu watsopano, potchingidwa mphepo; sabata yoyamba timafuna kutentha kwa madigiri pafupifupi 30, ndiye kabokosi kapena kangodya kofunditsa masaka kamapulumutsa tambiri mu Juni. Tikatsegula musatichotse kwa make. Ikani madzi a ORS m'mbale yosazama, muziwasintha kawiri kapena katatu patsiku. Jekeseni wa maantibayotiki sapha kachilomboka. Mlangizi amaupereka pokhapokha ngati mabakiteriya alowererapo.

Cholakwika chofala potsuka khola ndicho kuthira kolorini pamwamba pa ndowe. Zonyansa zimamutha mphamvu asadafike pa kachilombo. Yambani mwapala ndowe zonse, kwechani ndi sopo ndi madzi, kenako thirani Jik wa 3.5 peresenti, muyezo umodzi m'miyezo 6 ya madzi. Siyani kwa mphindi zosachepera 10, ndipo khola liume musadalowetse nkhumba yoyembekezera kuswa. Khola ladothi silitsukika motero: palani dothi lapamwamba, lisiyeni liwombedwe dzuwa. Nkhumba yogula ku Lizulu kapena kutsidya kwa Angonia ikhale payokha masabata anayi. Ndowe ziyambe zawola m'dzenje zisadapite kudimba la kabichi, ndipo dzenjelo ndi kholalo zikhale kumunsi kwa chitsime, mamita osachepera 30. Jombo ndi ndowa zakukhola zizitsala kukhola konko. Koposa zonse, mayi woyamwitsa kapena mtsikana wolera khanda asakhale iye wosamala tiana totsegula. Ngati palibe wina, asambe m'manja ndi sopo pamadzi othira asadagwire mwana.

Kwa mwana, ukhondo wokha sukwanira, poti pafupifupi mwana aliyense padziko lapansi amakumana ndi rotavirus asadakwanitse zaka zisanu. Chishango chenicheni ndi katemera wodontheza m'kamwa. Malawi idayamba kupereka Rotarix mu Okutobala 2012, pa masabata 6 ndi 10. Adapangidwa kuchokera ku G1P[8] yekha, komabe amatetezanso ku mitundu ina. Pa mayesero omwe zotsatira zake zidatuluka mu 2010, adachepetsa matenda aakulu ndi pafupifupi theka kuno, poyerekeza ndi 77 peresenti ku South Africa. Ena amanyoza theka limenelo, koma kafukufuku wa ku Mchinji adaonetsa kuti imfa za makanda chifukwa chotsegula m'mimba zidatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Amayi tsegulani buku lakusikelo muone ngati zonse zidalembedwa.

Mwana akayamba kusanza kenako kutsegula zamadzi, sungunulani paketi imodzi ya ORS mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira WaterGuard. Wosakwana zaka ziwiri amwe mamililita 50 mpaka 100 akangochita chimbudzi, pang'onopang'ono ndi supuni. Akasanza dikirani mphindi 10 muyambirenso. Zinki ndi mamiligalamu 20 patsiku kwa masiku 10 mpaka 14, theka lake kwa wosakwana miyezi 6. Bere lisaleke. Bactrim ndi Flagyl wakugolosale sathandiza pamenepa. Maso akalowa, liwombo likatsika, akakana kumwa kapena chimbudzi chikakhala ndi magazi, thamangirani kuchipatala ngakhale usiku.

Pempho lathu likupita ku Unduna wa Zaumoyo ndi ku nthambi ya zaziweto. Mu 2013, chaka chimodzi katemera atayamba, ku Blantyre kudatulukira G1P[8] wokhala ndi zidutswa zam'kati za banja la DS-1, ndipo adaoneka chifukwa kudali anthu oyang'ana. Maboma oweta nkhumba zambiri ngati athu ano akufunika maso otero. Azaumoyo ndi alangizi a ziweto azitenga chimbudzi cha ana ogonekedwa ndi ndowe za tiana totsegula m'midzi imodzimodziyo, mwezi womwewo, zisungidwe pozizira, ndipo zikayezedwe zidutswa zonse 11, osati G ndi P zokha, chifukwa chidutswa chochokera kunkhumba chingabisale m'katimo.

Namwino ndi mlangizi wa ziweto,
Dedza