Lipoti la nthumwi pa msonkhano wokonza chikumbutso cha malemu Mayi amene anayambitsa gulu lathu

Amayi a Pampando, a komiti ndi mamembala nonse, zikomo.

Munatituma kukaimira gulu lathu la amayi ochita malonda pa msonkhano umene banja linaitanitsa kuno ku Zomba. Kunali abale a mbali zonse ziwiri, anzawo a malemu amene anaphunzitsa nawo ku yunivesite, akuluakulu opuma amene anagwira nawo ntchito m'boma, ndi a mpingo. Maganizo anu awiri, a nsalu ya chikumbutso ndi a chopereka cha chiliza, analandiridwa popanda zokambakamba. Chiliza ndi cha banja, ndipo chidzavundukulidwa mvula ikatha. Nkhani imene inadya tsiku lonse ndi ina: mbiri ya Mayi siinalembedwe, ndipo zinthu zoilembera zikuwonongeka.

Pa tebulo panaikidwa mapepala atatu: pulogalamu ya maliro, mawu a anzawo a ku yunivesite, ndi uthenga wa anzawo a m'boma. Chaka chimene Mayi analandira digiri yoyamba chinasiyana pa mapepala awiri. Udindo wawo womaliza m'boma unatchulidwa mosiyananso. Za malonda, zimene ife timawadziwira, zinangopatsidwa mzere umodzi. Palibe woti timudzudzule, pakuti mbiri ya pa maliro imalembedwa usiku umodzi anthu akulira. Koma zimenezi zikangozokotedwa pa mwala ndiye kuti zakhazikika. Mphunzitsi wina anakumbutsa kuti nkhope ya Rose Chibambo timaigwira tsiku ndi tsiku pa K200, koma ndi ochepa angafotokoze kuti mayiyu anali nduna yaing'ono, ndipo anathawira ku Zambia pambuyo pa mkangano wa nduna wa 1964. Nsalu nayonso imaonetsa nkhope basi. N'chifukwa chake tinavomereza kuti ndalama zoyamba zipite ku ntchito yosonkhanitsa mbiri.

Zikalata za Mayi zili mbali zitatu, ndipo mbali iliyonse ili ndi mwini wake.

Za maphunziro ndizo zosavuta. Zaka zidzatengedwa pa masatifiketi, pa tsamba loyamba la kafukufuku wa digiri, ndi pa mapulogalamu a mwambo wopereka madigiri, osati pakamwa pa munthu. Anzawo alonjeza kufufuza zolemba zawo mu laibulale ya yunivesite, m'chigawo chosunga mabuku okhudza Malawi. Anachenjezanso za mayina: Chancellor College inasamukira ku Zomba mu 1973 kuchokera ku Blantyre, ndipo kuyambira 2021 sukuluyi ndiyo ikutchedwa University of Malawi. Polemba, tigwiritse dzina limene linalipo pa nthawiyo.

Za m'boma zidzachokera m'makalata owalemba ntchito ndi owakweza, komanso mu Gazeti ya boma imene imasindikizidwa ndi Government Press, yomwe makope ake akale amasungidwa ku National Archives, nyumba yosungira zikalata zakale za dziko. Amene adzafufuze akumbukire kuti likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975 koma Nyumba ya Malamulo inakhalabe kuno mpaka 1994. Mkulu wina wopuma ananena mosapsatira kuti fayilo ya chidindo cha boma ikapezeka m'sutikesi ya kunyumba, si ya banja ndipo si yathu. Isajambulidwe n'kuikidwa pa Facebook. Ipatulidwe, a ku Archives alangize.

Za malonda ndizo zili pa chiopsezo, ndipo ndizo zatigwera ife. Pali mabuku a zolowa ndi zotuluka a ku chigayo ndi ku holoselo, makalata a ngongole za ku banki, chiphaso cholembetsera bizinesi, malisiti, ndi mabuku a maminitsi a gulu lathu a zaka zoyambirira. Mabuku a maminitsi ndi athu. Zina zonsezo ndi chuma cha masiye, ndipo malinga ndi lamulo la 2011 la chuma cha masiye, woyendetsa chumacho ndi amene anatchulidwa mu wilo kapena amene ali ndi zikalata za khoti. Chilolezo chake chikhale cholembedwa, chotchula chimene tabwereka ndi tsiku lobweza. Pamenepa pali nkhani yotikhudza: m'mabuku a ngongole muli mayina a anthu amoyo, ena ndi mamembala athu. Tinapempha, ndipo zinavomerezedwa, kuti mabuku amenewo asaonetsedwe poyera. Wolemba mbiri atengemo zaka, mitengo ya katundu ndi kakulidwe ka bizinesi, mayina awasiye.

Pa kasungidwe ka mapepala, mayi wina amene anagwirapo ntchito ya zosungasunga anatiphunzitsa mwatsatanetsatane, ndipo apa tichedwapo pang'ono chifukwa mabukuwo ali m'nyumba zanu. Zomba ndi wachinyontho kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndipo adani ake a pepala ndi chuku, chiswe, mphemvu ndi makoswe. Katoni isakhale pansi pa simenti kapena kutsamira khoma la kunja. Ikwezedwe masentimita 15 kapena kuposapo. Musatsekere mapepala m'jumbo ya pulasitiki, chifukwa chinyontho chimatsekeredwa momwemo ndipo chuku chimamera msanga. Mapini ndi masitepulo achotsedwe mosamala, pakuti dzimbiri lake limadya pepala. Selotepi ayi: guluu wake amasanduka wachikasu n'kulowa m'pepala. Kulamineta satifiketi, kumene ambiri timayesa chisamaliro, n'kuiwononga, chifukwa kutentha ndi guluu sizibwezeka. Kumbuyo kwa chithunzi kulembedwe ndi pensulo yofewa, osati bolopeni, amene ali pa chithunzicho, malo ndi chaka. Zithunzi zomatana zisakanganulidwe mokakamiza. Mapepala a chuku apatulidwe, aumitsidwe pa mthunzi podutsa mphepo, kenako apukutidwe panja ndi burashi yofewa, wopukutayo atavala masiki. Malisiti oterera a pa makina aja amafufutika okha, choncho ayambe ndiwo kupangidwa fotokope.

Chimene chimalakwika kawirikawiri ndi munthu wa mtima wabwino amene amakhuthula mafayilo onse n'kuyamba kusanja mwa iye yekha. Pepala lopanda deti limadziwika chaka chake chifukwa cha anzake amene lagona nawo. Fayilo isiyidwe momwe Mayi anaisiyira, ipatsidwe nambala, katoni nayonso nambala, ndipo zonse zilembedwe m'kope limodzi.

Pojambula pa sikana, mapepala akhale pa 300 dpi (muyeso wa kuoneka bwino kwa chojambulidwa), zithunzi pa 600 dpi. Dzina la fayilo liyambe ndi chaka. Makope akhale atatu, m'malo awiri osiyana. Fulashi imodzi ya m'chikwama si kusunga. Chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp mwachizolowezi chimafinyidwa, choncho chitumizidwe ngati dokyumenti. Banja tinalikumbutsanso za foni ya malemu: simu ikakhalitsa osagwira ntchito imatsekedwa, nambala n'kupatsidwa kwa wina, ndipo njira yolowera ku imelo ndi ku WhatsApp imatayika limodzi nayo.

Zambiri za malonda a Mayi sizinalembedwe n'komwe. Zili m'mitu ya amene anayenda nawo kokaoda katundu, ogwira ntchito ku chigayo, ndi amayi oyamba a gulu lino. Kujambula mawu kuyambe ndi achikulire kwambiri ndi odwaladwala. Munthu mmodzi pa nthawi, chifukwa pa gulu wolemekezeka ndiye amalankhula, ena n'kumangovomera. Kucheza kusapitirire ola limodzi. Foni izimitsidwe netiweki, iikidwe pa nsalu pafupi ndi wolankhula, kutali ndi chigayo kapena msewu, ndipo pansi pa malata mvula ikugwa musajambule. Poyamba patchulidwe dzina, tsiku ndi malo, ndipo wofunsidwa asaine kapena adinde chala kuvomereza momwe mawu ake adzagwiritsidwire ntchito. Funso loti Mayi anali munthu wotani limangobweretsa mawu a pa maliro. Funsani kuti mpamba woyamba unachokera kuti, ankaoda kwa ndani, chinagwetsa sitolo yachiwiri n'chiyani, ankachita bwanji membala akalephera kubweza ngongole. Ola limodzi la mawu limatenga maola anayi kufikira asanu ndi limodzi kulilemba pa pepala, ndiye olembawo adzafunika kangachepe.

Panali kusamvana pang'ono ngati zolephera za Mayi zilembedwe. Abale ena sanafune. Ife tinati mtsikana woyamba geni adzapindula kwambiri akamva momwe sitolo inagwera ndi momwe anadzukiranso, kusiyana ndi kungomva mayamiko. Anagwirizana kuti banja lidzawerenga zolembedwazo zisanasindikizidwe, likonze zolakwika, ndipo chimene likufuna chichotsedwe chikambidwe ndi komiti. Kabukuko kakadzatuluka, nambala yozindikiritsa buku, ya ISBN, imatengedwa ku National Archives, ndipo lamulo limafuna kuti kope lisiyidwe komweko.

Thumba lothandiza atsikana pa maphunziro onse analifuna, koma kayendetsedwe kake ndiko kanavuta. Ena amati ndalama zizingosungidwa pa foni ya m'bale mmodzi. Tinakana, osati pomukayikira, koma chifukwa thumba lotere limafa mwini foni akadwala kapena akasamuka. Lidzalembetsedwa ngati trasti (thumba loyang'aniridwa ndi anthu osankhidwa, otchedwa matrasti) kudzera ku ofesi ya Registrar General, ndi malamulo ake olembedwa, matrasti ochokera ku banja, kwa anzawo a ku yunivesite ndi kwa ife. Akaunti ikhale ndi osainira atatu a nyumba zosiyana, awiri asaine pa kutapa kulikonse. Ndalama zipite ku sukulu mwachindunji, lisiti libwere ku komiti. Mfundo zosankhira atsikana zilembedwe dzina la mtsikana aliyense lisanatchulidwe, ndipo ana a matrasti asalowe nawo.

Katswiri wa zachuma amene analipo anatichenjeza za lonjezo lotchula makwacha. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ndalama yogona mu akaunti wamba imasungunuka. Tilonjeze chiwerengero cha atsikana, ndipo mtsikana asatengedwe ku Fomu 1 ngati thumba lilibe zomufikitsa ku Fomu 4. Ndalama yosafunika msanga ingabwereketsedwe ku boma pa chiwongoladzanja kudzera ku ma Treasury bill a masiku 91, 182 kapena 364, masiku ake okhwimira akumane ndi kutsegulira kwa teremu.

Zimene zikudikira chigamulo chanu pa msonkhano wathu wa mwezi uno ndi izi: kusankha membala mmodzi wokhala trasti, kupeza amayi anayi ojambula ndi kulemba mawu, ndi kuvomereza kuti theka la ndalama ya nsalu lipite ku makatoni, mafayilo ndi sikana. Aliyense amene ali ndi buku la maminitsi, chithunzi, kalata kapena kaseti ya msonkhano wakale abweretse kwa mlembi tsiku limenelo, osachotsamo kapena kukonzamo kanthu. Mlembi adzapereka kapepala kosonyeza chimene walandira.

Ndife nthumwi zanu.