Makina oyankha foni azitipatsa moni m'Chichewa

Akonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yathuyi ndikambe za kabokosi kotchedwa modemu, kamene ambiri anataya kalekale kudzala, koma ine kakundigwirira ntchito ya mlembi popanda malipiro.

Ndili ndi garaja ku Limbe, ndipo muofesi mwanga mukadali lamya yapansi, ija nambala yake imayamba ndi 01. Anzanga amandiseka kuti ndine wachikale. Koma makasitomala anga akale, makamaka amipingo ndi amakampani, nambala imene analemba m'mabuku mwawo ndi imeneyo. Vuto linali lakuti lamya ikamalira, ine ndimakhala ndili chagada pansi pa minibasi, manja ali bii ndi girizi. Pomwe ndizituluka, kupukuta m'manja ndi kuthamangira muofesi, munthu uja wadula kale. Mwinatu anali ndi lole yoti ikanandidyetsa mwezi wathunthu.

Nzeru inachokera kwa mwana wa mlongo wanga amene akuphunzira za makompyuta. Anati, "Amalume, kompyuta yakale ija mumaikapo makapu a tiyi, tiipezere modemu iziyankha foni." Ine modemu ndinkaidziwa ngati kachipangizo kolira mosokosa kaja tinkalowera nako pa intaneti kale, liwiro lake osapitirira 56k. Kani ena mwa mamodemu amenewo amatha kunyamula foni, kulankhula mawu ojambulidwa kale, ndi kujambula zomwe woimbayo akunena. Amenewo ndiwo amawatcha voice modem.

Si onse ayi, ndipo apa ndinataya ndalama. Yoyamba imene ndinagula kwa ogulitsa zakale inali yongotumiza deta ndi fakisi basi. Mnyamatayo anandionetsa mmene amaiyesera. Analemba AT pa kompyuta, modemu nkuyankha kuti OK. Kalankhulidwe kameneka akuti kanayamba ndi kampani ya Hayes ya ku America m'chaka cha 1981. Kenako analemba AT+FCLASS=? ndipo modemu inatchula manambala a ntchito zomwe imatha. Pamanambalapo pakakhala 8, ndiye kuti imadziwa za mawu. Yanga inalibe. Ena akale kwambiri amamva lamulo lina lakuti AT#CLS=8, choncho musafulumire kuitaya musanayese zonse ziwiri. Wogula aonetsetsenso kuti watenga ya kabokosi koima pakokha, yolumikizira kukompyuta ndi chingwe chachikale chotchedwa siriyo. Zambiri zolowetsa m'mimba mwa kompyuta zija zimadalira draiva (kapulogalamu kozithandiza kugwira ntchito) ya Windows yakale, ndipo draivayo kuti muipeze lero mudzatuluka imvi.

Kulumikiza kwake nkosavuta. Kumbuyo kuli timabowo tiwiri: kolembedwa LINE kamalandira chingwe chochokera kukhoma, kolembedwa PHONE nkolumikizapo lamya yanu ija kuti muzithabe kuyankha nokha mukakhala pafupi. Pakompyutapo anaikapo Linux (pulogalamu yoyendetsa kompyuta ngati Windows) ndi pulogalamu yaulere yoyankha foni yotchedwa vgetty, imene imayendera limodzi ndi inzake yotchedwa mgetty. Chimene chinatidyera Loweruka lonse ndi mawu a moni. Titawajambula ndi foni ya m'manja nkuwaponya momwemo, zinkamveka ngati achule a m'dambo la Mudi mvula itagwa. Fayilo ya mawu imafunika kuisintha kaye kuti ikhale ya mtundu umene modemuyo imamva, ndipo yathu inafuna kuti mawuwo agawidwe timagawo 8,000 pa sekondi. Nyimbo musavutike nazo. Chingwe cha lamya chimanyamula mawu apakati pa 300 ndi 3,400 Hz okha (Hz ndi muyeso wa kukwera ndi kutsika kwa mawu), ndiye gitala amangomveka ngati chitini.

Tsopano ndifike pamene pandilembetsa kalatayi. Moni woyamba anajambula mnyamata uja m'Chingerezi cha kusukulu, chopotokola lilime. Ine ndinanyadira, ndinati garaja yakwera. Patatha masabata awiri tinakhala pansi kumvetsera zomwe makina anasunga. Munali kupuma kwa anthu, "Halo? Halo?", kenako phuu, wadula. Mayi wina wachikulire anamveka akuuza mnzake kuti, "Iii, ndalakwitsa nambala, kunotu nkwa azungu." Mawu amenewo anandilasa mtima, chifukwa ndinawazindikira. Anali mayi amene ndakhala ndikuwakonzera pikapu yawo yonyamula tomato kwa zaka zambiri.

Madzulo omwewo ndinatseka chitseko, ndinauza anyamata asiye kumenya zitsulo, ndipo ndinajambula ndekha ndi mawu anga okhakhalawa: "Zikomo, mwaimba kugaraja. Pepani, ndili pansi pa galimoto. Mukamva kabelu, nenani dzina lanu, nambala yanu, kumene muli ndi chimene chavuta, ndikuimbirani." Kuyambira pamenepo anthu anamasuka. Ena amafotokoza mpaka kulira kwa injini, kuyerekeza ndi pakamwa.

Panatulukanso china chimene mnyamata wanga sanachiwerenge m'buku lililonse. Mmalawi sayamba nkhani asanapereke moni. Munthu ankati, "Muli bwanji abwana?" nkukhala kaye chete kudikira yankho. Pulogalamu ija ikamva kuti zii kwa kanthawi imaganiza kuti munthu watha, nkudula. Tinataya mauthenga angapo chonchi mpaka tinatalikitsa nthawi yodikirayo. Chimodzimodzinso za kuflasha. Poyamba makina ankanyamula foni ikangolira kawiri. Kondakitala wina anabwera atakwiya kuti, "Abwana, chimakina chanu chandidyera mayunitsi, ine ndimangoflasha!" Ananena zoona. Tinasintha kuti azinyamula ikalira kasanu ndi kamodzi, zomwe zimandipatsanso mpata wothamanga ngati ndili pafupi.

Ndiye ndimadabwa ndi maofesi ena akuluakulu mumzinda muno, amene ali ndi makina odula kuposa anga kutalitali. Ukaimba, mawu amayamba kukuyalira Chingerezi chautali, dinani apa, dinani apo, mayunitsi akupita. Chichewa ngati chilipo chimabwera kumapeto, munthu wa ku Ndirande kapena ku Chirimba atatopa kale. Ngati ine makaniko ndinatha kujambula moni wa Chichewa madzulo amodzi, inu chikukukanikani nchiyani? Sindikuti Chingerezi chichoke ayi. Ndikuti yambani ndi chinenero chimene oimba ambiri amalankhula, ndipo moniwo ukhale waufupi.

Zodina manambalazo modemu yanga imazithanso, poti batani lililonse la foni limatulutsa timawu tiwiri pamodzi timene iyo imazindikira. Mnyamata ankafuna kuti tiike "dinani 1 za mabuleki, dinani 2 za injini." Ndinakana, garaja yake iti? Ndinangolola chimodzi: ndikakhala kunyumba ku Bangwe Lamlungu, ndimaimba kugaraja, kudina manambala anga achinsinsi, nkumvetsera amene anandifuna.

Zovuta zilipo, ndisaname. Lamya yapansi imalandira mphamvu yake kudzera m'chingwe chomwecho, nchifukwa chake imalira ngakhale magetsi atazima, koma modemu ndi kompyuta zimafa nthawi yomweyo. Ndinagula kabatire kosungira magetsi koti kazigwiriziza pang'ono. Nthawi zina modemu siizindikira kuti munthu wadula, imangojambula "tuu, tuu, tuu", ndiye tinaika malire akuti uthenga usapitirire mphindi ziwiri. Nambala ya woimba imaoneka pokhapokha ngati chingwe chanu chimaitumiza, nchifukwa chake m'moni muja ndimapempha munthu aitchule yekha.

Mdani wamkulu ndi chiphaliwali. Mvula ya chaka chatha, chinaomba cha kuphiri la Soche uko, m'mawa ndinapeza modemu itazizira, ikununkha pulasitiki yopsa. Chinalowera ku chingwe cha lamya, osati cha magetsi. Masiku ano mitambo ikangoda bii, mnyamata wa masipanala amadziwa ntchito yake: kuthamanga kukazula chingwe cha LINE.

Modemu imene ndikugwiritsa ntchito pano ndi yachitatu, ndipo kumsika zikusowa. Amene muli nayo m'makatoni a kusitolo yaofesi, musaitaye. Ifunseni AT+FCLASS=? ndipo ikatchula 8, dziwani kuti ku Limbe kuli makaniko amene akufuna ya sipeya Novembala asanafike.

Makaniko wa ku Limbe,
Blantyre