Lipoti la msonkhano wa Linux: malaputopu oyenera kugula

Wapampando, a komiti ndi mamembala nonse, ndabwerako ku Lilongwe komwe munandituma. Funso lomwe ndinanyamula linali limodzi: ndi ndalama zomwe tasonkha, tigule malaputopu otani oti aziyenda bwino ndi Linux (pulogalamu yoyendetsera kompyuta, m'malo mwa Windows) m'kalasi lathu la makompyuta?

Poyamba tinakumbutsana chifukwa chake nkhaniyi yafika pakhomo. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo ka TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko. Makina ambiri olimba akutsala m'mbuyo, chikhalirecho Linux imawayendetsa popanda vuto. Ambiri pamsonkhanowo amagwiritsa ntchito mtundu wa Linux wotchedwa Linux Mint kapena wina wotchedwa Ubuntu 24.04, yomwe izilandira zokonza mpaka 2029. Ubuntu anayiyambitsa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa mu 2004, ndipo dzinali ndi umunthu wathu womwewu.

Malaputopu omwe anayamikiridwa kwambiri ndi a kaunjika ochokera m'maofesi, monga ThinkPad T480 ndi Dell Latitude. T480 yandikoka mtima chifukwa ili ndi malo awiri oikamo RAM (memori yomwe kompyuta imagwirira ntchito) komanso mabatire awiri, lina la m'kati, lina lochotseka. Mmene magetsi amazimira kwathu kuno, zimenezo si zazing'ono.

Koma chomwe ndikufuna musaiwale ndi ichi: tisapereke ndalama tisanayese makinawo ndi fulashi yathu yokhala ndi Linux. Linux imatha kuyaka kuchokera pa fulashi osakhudza chilichonse cha m'kati mwa kompyuta. Mphunzitsi wina anatisonyeza ndi maso. Anabaya fulashi pa laputopu yonyezimira bwino, yooneka ngati yangotuluka m'katoni. Inayaka, koma Wi-Fi kunalibe, ngakhale dzina la netiweki imodzi. Vuto linali kachipangizo ka Wi-Fi. Ka Intel kamagwira ntchito pompo, pomwe ka Broadcom nthawi zambiri kamafuna dalaivala wapadera (pulogalamu yoyendetsera kachipangizoko), ndipo dalaivalayo umamukoka pa intaneti yomwe ulibeyo. Ndinakumbukira laputopu yathu yakale ija imene tinavutika nayo mwezi wathunthu.

Fulashi ikayaka, tiyese Wi-Fi, mawu, kamera ndi mabatani onse. Titseke chivundikiro, tidikire pang'ono, titsegule, tione ngati ikudzuka. Pulogalamu ya upower imaonetsa mphamvu yomwe batire yatsala nayo poyerekeza ndi pomwe inali yatsopano. Tilowenso mu BIOS, momwe muli masetingi oyambira a kompyuta. Ikatifunsa pasiwedi yomwe wogulitsa sakuidziwa, laputopuyo tiisiye pomwepo. Zipangizo zoonetsera zithunzi za Nvidia anatilangiza kuzipewa, popeza ana athu akungophunzira kulemba ndi kufufuza, ndipo za Intel kapena AMD zikukwanira.

Pempho langa ku komiti ndi lakuti tigule kaye imodzi yokha, ya RAM ya 8 GB ndi SSD (disiki yachangu yosungira zinthu), tiiyese m'kalasi masabata awiri tisanagule zinazo. Fulashi ndakonza kale. Ndikungofuna munthu mmodzi woti tipite naye kwa ogulitsa Loweruka likudzali.