Usafulumire kukwera basi

Mnzanga wapamtima,

Ndikhulupirira muli bwino ndi alamu kumeneko ku Johannesburg. Kuno ku Mangochi dzuwa latiwamba, usiku tikugona pakhonde, ndipo chambo chadula moti ndiwo ndi usipa basi.

Uthenga wako woti mwezi wamawa uyamba majakisoni a IVF, njira ija yokumanitsa mazira ndi mbewu ya abambo kunja kwa thupi, unandigwetsa misozi yachimwemwe, poti ndikudziwa zimene wapirira pakamwa pa anthu zaka zonsezi. Koma utanena kuti akangokuika mazira m'chiberekero ukwera basi kudzapumulira kwa amayi ako, mtima unandigunda. Chonde usatero.

Mng'ono wanga uja anachita zomwezo, ndipo nkhani yonse sindinakuuzepo. Anafika kuno ali bwinobwino. Patapita sabata ndi masiku angapo mimba inayamba kufufuma, yolimba ngati ng'oma. Azakhali analulutira, amvekere ndi mapasa amenewo. Kodi mimba ya masabata awiri imaoneka? Kenako anayamba kusanza, kukodza pang'ono kwambiri, ndipo usiku wina anabanika, kulephera kugona chagada. Tinamutengera kuchipatala m'bandakucha. Anamuika dripi, nkumuchotsa madzi m'mimba ndi singano.

Matendawa amawatcha OHSS. Majakisoni aja amakakamiza mabasiketi a mazira kukhwimitsa mazira ambiri nthawi imodzi m'malo mwa limodzi, ndiye kwa ena mabasiketiwo amatupa mopitirira. Timitsempha ta magazi timayamba kuchucha, madzi nkumadzaza m'mimba, nthawi zina mpaka m'chifuwa. Magazi otsala m'mitsempha amakhala okhathamira, impso zimavutika, ndipo magaziwo angathe kuundana m'mwendo kapena m'mapapo. Tsono ganizira munthu wotere atapinda miyendo m'basi masiku awiri, kudutsa Tete kukutentha, akuopa kumwa madzi kuti asavutike m'njira.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi ichi: chimakolezera matendawa ndi homoni yotchedwa hCG, yomwe thupi limapanga lokha mimba ikagwira. Ndiye kuti amene zamuyendera bwino ndi amene angadwale kwambiri ndiponso nthawi yaitali, makamaka akakhala mapasa. Kutupa pang'ono kumagwira pafupifupi mayi mmodzi mwa atatu ochita IVF ndipo kumatha kokha. Koopsa kuja kumagwira ochepa. Koma iwe unandiuza kuti anakupeza ndi PCOS, vuto lija la mahomoni lokhudza mabasiketi a mazira, ndipo oterowo, pamodzi ndi osakwana zaka 35, ndi amene amayenera kusamalidwa kwambiri.

Ndikudziwa funso lako ndi la mwana. Madokotala sanapeze kuti OHSS imapundula mwana m'mimba. Chimene amachenjeza ndi chakuti mayi amene anadwala kwambiri angathe kudzavutika ndi kuthamanga kwa magazi mimba ikakula, ndiponso mwana angabadwe masiku asanakwane, ali wochepa thupi. Mng'ono wanga zonse ziwiri zinamupeza. Amabayidwa jakisoni wa heparin, woletsa magazi kuundana, tsiku lililonse miyezi itatu yoyambirira, ku sikelo samajomba, koma BP inakwerabe ndipo anachira nthawi isanakwane. Tinasinthana naye kumufungata mwanayo pachifuwa, kangaroo ija, ine, mayi wake ndi agogo. Lero akuthamangitsa nkhuku pabwalo, koma masiku amenewo sindifuna uwaone.

Ukapita kwa dokotala ufunse mosaopa kuti mazira akhwima angati. Akachuluka, pali njira yosunga mufiriji mazira okumana kale ndi mbewu ya abambo, nkudzawaika thupi litapuma. Kudikira kumawawa, ndikudziwa, komabe uvomere akakuuza choncho. Uzidziyeza pasikelo m'mawa uliwonse. Kilogalamu yathunthu ikaonjezeka tsiku limodzi, kapena mkodzo ukachepa, mwendo umodzi ukatupa, mpweya ukamabanika, pita kuchipatala nthawi yomweyo ndipo unene kuti wachita IVF. Za ululu imwa Panado, usakhudze Brufen kapena diclofenac chifukwa amalemetsa impso. Ngakhale mwabisa nkhaniyi kwa abale, alamu azidziwa zizindikiro zonsezi.

Amayi ako ndinawaona Lachisanu kumsika, ali bwino, ndipo sindinawauze kanthu. Ukafuna wokuphikira phala ndiuze, pasipoti yanga idakali yabwino, basiyo ndikwera ndine. Undiimbire ukangochoka kwa dokotala.

Ndine mnzako wa ku Mpondasi.