Mapilitsi a nzeru akungotidyera ndalama

Akonzi,

Mapilitsi "owonjezera nzeru" amene amadzadza pa msika kuno ku Kasungu mayeso a MSCE akayandikira ndi otidyera ndalama basi.

Chaka chatha ndinagulitsa soya nkumugulira mwana wanga botolo, ogulitsa amvekere akamwa saiwala kanthu, koma mwanayo amagona 12 koloko akuwerenga pa tochi, mmawa kusukulu osadya, ndiye pilitsi likanatani pamenepo? Mafuta a omega-3 alembedwa pa botoloyo mu usipa womwewu alimo. Timagemu ta pafoni tonola ubongo natonso mwana amangothwa pa gemupo, masamu ayi ndithu.

A PMRA, bungwe loona za mankhwala, ayendere misika aone ngati zinthuzi zili mu kaundula wawo, ndipo aphunzitsi pa miting'i ya makolo azinena za tulo, phala mmawa ndi kubwereza mapepala akale a MANEB.

Kholo lokhudzidwa,
Kasungu