Masabata 8 a uchembere akutichotsa ntchito

Akonzi,

Ndipatseni mpata m'nyuzipepala yanu ndinenepo za chinthu chomwe chikukhazika pakhomo amayi ambiri mumzinda uno wa Blantyre.

Kusikelo anamwino amatilangiza kuyamwitsa mwakathithi kwa miyezi 6, mwana osam'patsa ngakhale madzi. Koma lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limapatsa mayi tchuthi cha uchembere cha masabata 8 okha, nachonso kamodzi pa zaka zitatu. Zonsezi akunena ndi boma limodzi lomwelo. Mayi atsate chiti?

Ine ndimakhala ku Bangwe ndipo ndimagulitsa m'sitolo ina ku Limbe. Tchuthi changa chidatha mwana asanalimbe khosi. Lamuloli atalikonza mu 2021 adaikamo nthawi yoyamwitsa, theka la ola kawiri pa tsiku, komanso masabata awiri a tchuthi kwa abambo. Tikuthokoza. Koma adalembawo akudziwa kuti minibasi siinyamuka isanadzaze? Theka la ola limatha ndili pasiteji. Mawere amadzaza mpaka kuwawa ndili pakauntala, kwinaku mwana akulirira kunyumba m'manja mwa mtsikana yemwe naye ndi mwana. Malipiro a mtsikanayo ndi mkaka wa m'chitini zikadya theka la malipiro ako, umayamba kuwerengera zosiya ntchito. Anzanga ambiri adasiyadi, pano akukazinga mandasi pakhomo, ena ali ndi satifiketi ya MSCE m'sutikesi.

Chomwe chimandipweteka kwambiri n'chakuti malipiro onse a tchuthichi amachoka m'thumba la wolemba ntchito yekha. Mwini sitolo wa antchito ochepa akaona mtsikana wongokwatiwa kumene akufunsira ntchito, amawerengera za mimba, n'kulemba mnyamata. Sanena poyera, koma tonse tikudziwa. Ena amakupatsa kontirakiti ya miyezi yochepa, mimba ikaoneka saiwonjezeranso. Bungwe loona zantchito padziko lonse la ILO limati tchuthichi chisachepere masabata 14, ndipo ndalama zake zizichokera ku thumba losonkherana kapena la boma. Ngati timatha kusonkhera penshoni mwezi ndi mwezi, la uchembere lingatikanike bwanji?

Za kosiya mwana ndiye osanena. Sukulu zammera mpoyamba za m'madera mwathu zimaweruka dzuwa lisanafike paliwombo, aphunzitsi ake ambiri ndi ongodzipereka, ndipo khanda salandira. Azigogo omwe ankatilerera ana ali kumudzi.

Ndikupempha aphungu athu ndi unduna wa zantchito kuti awonjezere masabatawa ndi kukhazikitsa thumba la uchembere. Khonsolo ya mzinda nayo ikhale pansi ndi makampani a ku Makata, Chirimba ndi Limbe, apeze zipinda zosungira ana pafupi ndi kuntchito, kuphatikizapo m'misika, poti amayi ogulitsa kumeneko tchuthicho sachidziwa n'komwe.

Mayi wa ana awiri,
Bangwe, Blantyre