Dokotala naye timumve kaye tisanamuweruze

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za madokotala ndi ozula mano amene masiku ano akuweruzidwa pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp asanatsegule n'komwe pakamwa. Munthu akangomwalira kuchipatala, kapena tsaya likatupa atazulitsa dzino, pofika madzulo chithunzi cha dokotala chili paliponse, ati wakupha uyu, ati amulande layisensi, ena mpaka kumafunsa komwe amakhala. Sindikunena kuti achipatala salakwa ayi, aulesi alipo, amwano oti amakukalipira uli pa ululu aliponso, ndipo banja lomwe lavulazidwa liyenera kulandira chipepeso chake chonse. Koma ngakhale kubwalo kwa a Gawa Undi kapena kwa a Mpezeni sagamula mlandu atamva mbali imodzi, nanga ife tikuthamangira chani?

Ambiri sadziwa kuti kukhoti funso silikhala loti kodi wodwala wachira kapena wafa. Jaji amafuna kudziwa ngati dokotalayo anachita zomwe anzake odziwa bwino ntchito akanachita pa wodwala ngati yemweyo, muyeso umenewu unachokera ku England pa mlandu wa Bolam mu 1957 ndipo makhoti athu kuno ku Zambia amautsatira. Wosuma ndiye ayenera kubweretsa umboni, poyamba woti panalidi kusasamala, kachiwiri woti kusasamalako ndiko kunabweretsa tsokalo, osati matenda omwe anali atafika kale poipa.

Pachiwiripa ndi pamene tiyenera kunena zoona anthu akwathu. Dzino limayamba kupweteka nthawi yokolola, munthu n'kumangomwa panado, kuika mchere, kupita kwa asing'anga, kudzafika kwa ozula mano mvula itagwa mafinya atadzaza kale usinini, ndiye akafunsidwa ngati ali ndi shuga kapena BP amangoti ayi poopa kuti amubweza. Akamuzula amamuuza kuti luma thonje, usachukuche mkamwa mwamphamvu lero, usasute fodya, chifukwa magazi oundana aja pabowopo ndi amene amaphimba fupa. Iye kungotuluka pageti ndudu ili pakamwa, pakapita masiku awiri kapena atatu ululu wosaneneka mpaka kukhutu, basi dokotala wandilakwira. Zinthu ngati izi zimatuluka pokhapokha ngati pali wina wofunsa mafunso m'malo mwa dokotalayo.

Ndiye chifukwa chake ine sindimuona loya woimira dokotala ngati mdani wa amphawi. Ntchito yake ndi kuitana katswiri wina kuti adzafotokozere khoti zomwe zimachitika pa matenda amenewo, ndi kutsata fayilo mzere ndi mzere, wodwala anafika nthawi yanji, anamuyeza chani, jekiseni anabaya ndani. Chikakhala chipatala cha boma osumiridwa amakhala a Attorney General, loya wamkulu wa boma, ndipo maloya a boma ndi amene amayankha, koma amene ali ndi kakiliniki kake m'tauni muno amadziyimira yekha, ndipo ngati alibe inshuwalansi ya ntchito yake mlandu umodzi wokha utha kumutsekera chitseko ngakhale pamapeto atapezeka wosalakwa.

Koma apa achipatala nanunso mundimve, chifukwa loya sangakutetezeni ndi manja okha. Fayilo ikasowa, kapena mwalemba mizere iwiri yosawerengeka, mwadzipha nokha ndipo mwalipheranso banja mwayi wodziwa chomwe chinachitika. SmartCare, njira ija yosungira mafayilo a odwala pakompyuta, ilipo, igwiritseni ntchito mokwanira. Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi fomu ija yovomereza opaleshoni. Ndinadwazikapo azakhali anga pa chipatala china, anabwera nayo fomu ya Chingelezi ali kale pa kabedi kamawilo, kuwagwira chala, inki, dindani apa amayi, basi. Palibe anawauza kuti akachotsa chani, kuopsa kwake n'kotani, kaya njira ina inalipo. Anachira bwinobwino tikuthokoza Mulungu, koma zikanavuta chidindo chimenecho chikanaonetsa chani? Dokotala amene wakhala pansi mphindi zochepa n'kufotokoza m'Chinyanja, odwazika ali pomwepo akumva, kenako n'kulemba kuti wafotokoza, ameneyo ndi amene angaime kukhoti mutu uli m'mwamba.

Tiganizirenso zomwe mantha amachita. Boma linalemba ntchito azaumoyo oposa 11,000 mu 2022 koma mizere ku Chipata Central, ku St Francis ku Katete ndi ku Mwami tonse timaiona. Dokotala akayamba kuopa kuti wodwala aliyense wovuta ndi mlandu ndiponso manyazi pa intaneti, chomwe adzachite ndi kulemba kalata yotumiza wodwalayo ku chipatala chachikulu cha UTH ku Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 500, ndipo ovutika ndi ife omwe tidzagulitsa mbuzi kuti tipeze ya basi.

Amene walakwiridwa njira zilipo. Bungwe la Health Professions Council of Zambia (HPCZ), lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2009, ndi lomwe limapereka malayisensi kwa madokotala, ozula mano ndi makiliniko ofesa, limalandira madandaulo ndipo litha kumuimitsa ntchito wolakwa. Wofuna chipepeso apite kukhoti, ngati ndalama za loya palibe a Legal Aid Board alipo, koma asachedwe chifukwa mlandu wa kuvulazidwa uli ndi malire a zaka 3. Sungani khadi, malisiti ndi mapepala a mankhwala onse.

Pempho langa kwa inu a Mkonzi ndi loti mukamalemba nkhani zotere muzifunsa mbali zonse ziwiri dzina la munthu lisanatuluke, komanso tsiku lina mutisindikizire m'chinenero chathu momwe munthu wakumudzi angaperekere dandaulo lake ku HPCZ.

Ine wowerenga wanu,
Kapata, Chipata